Dera la kutsidya: chuma chimafika ku likulu, nanga eni dera?

Mudayang'anitsitsapo mapu a Angola? Kumpoto kuli kachigawo kotchedwa Cabinda, kolekana ndi dziko lonselo chifukwa pakati padadutsa kamzere ka DR Congo kofika kunyanja. Munthu wa kumeneko akafuna kupita ku Luanda, likulu la Angola, ndi ndege kapena sitima yapamadzi basi. Wapamsewu ndiye kuti apondeko kaye dziko la eni. Apwitikizi adasainirana pangano ndi mafumu a derali ku Simulambuco mu 1885, ndipo Angola italandira ufulu mu 1975, Cabinda adangomuphatikiza.

Ine chimandiwawa n'choti mafuta opopedwa m'nyanja ya Cabinda akhala akudyetsa Angola zaka zonsezi. Mafutawo malire sawavuta, amene amavutika ndi anthu. Sindikuikira kumbuyo zigawenga za FLEC, zofuna kuti Cabinda apatuke ku Angola, ayi. Zomwe zidachita mu January 2010, powombera basi ya timu ya mpira ya Togo n'kupha anthu, ndi nkhanza zenizeni. Koma boma lomwe limakumbukira dera lakutali pa nthawi yokolola yokha lisamadabwe eni dera akayamba kunena kuti ife si anzanu. Pakistan idaziona. Mbali zake ziwiri zidatalikirana makilomita pafupifupi 1,600, India ali pakati, ndipo mu 1971 ya kum'mawa idachoka n'kukhala Bangladesh.

Ena munena kuti dothi la dziko silipatsidwa kwa mnzako, zivute zitani. Chabwino, koma tamvani izi. Pamalire a India ndi Bangladesh padali tizigawo 162 tokhala mkati mwa dziko linzake. Kena, Dahala Khagrabari, kadali ka India mkati mwa Bangladesh, momwenso mudali mkati mwa India, yemwenso adali mkati mwa Bangladesh. Werenganinso, sindidalakwitse. Anthu oposa 50,000 a m'tizigawoti ankakhala ngati ana amasiye: sukulu ya boma lawo kulibe, chipatala kulibe, apolisi safikako. Mbendera yokha ndiyo idali yawo, ndipo mbendera sichiza malungo.

Mu 2015 maiko awiriwa adangosinthana tizigawoto, anthu n'kupatsidwa mwayi wosankha dziko lomwe akufuna. Ambiri adatsala pomwe adabadwira, pa minda yawo yomweyo. Chomwe chimandikwiyitsa n'choti atsogoleri adagwirizana kale za kusinthanaku mu 1974, koma padatenga zaka 41 kuti zichitike, ana obadwa nthawi imeneyo mpaka kumera imvi akudikira.