Bungwe lathu lisavale nsalu ya chipani

Loweruka lapitali tinakangana kwambiri pa Dwangwa, pansi pa mtengo wa mango pomwe timakhala tikaweruka. Bambo wina wachikulire, malaya ali bii ndi phulusa la nzimbe zootcha, anati bungwe lathu la ogwira ntchito liyime pambuyo pa chipani chimodzi kuti kulira kwathu kukamveke ku Nyumba ya Malamulo. Ndinawakanira mwaulemu, ndipo mpaka lero ndikukanabe.

Sindikunena kuti wogwira ntchito alibe nazo ndale. Chakufwa Chihana anachokera m'mabungwe omwewa. Anamangidwa pa 6 Epulo 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mwezi wotsatira anzathu a ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto wake n'kufalikira. Ufulu womwe tinavotera mu 1993 unali ndi thukuta lathu. Koma chipani chake cha AFORD chitalowa m'boma, Chihana n'kukhala mmodzi wa achiwiri kwa Muluzi, nkhani inasanduka ya mipando ndi zigawo. Za wodula nzimbe zinatsalira panja.

Ku Zambia zinawawa kuposa apo. Chiluba anali mtsogoleri wa mabungwe a ogwira ntchito, anapambana mu 1991, ndipo boma lake lomwelo ndilo linagulitsa makampani a boma, anthu ambirimbiri ntchito n'kuwathera. Ku South Africa, bungwe la ogwira ntchito za zitsulo la NUMSA litakana kupitiriza kuchemerera chipani cha ANC, linachotsedwa mu COSATU, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito, mu 2014.

Ndinawafunsa bambo aja: a Tonse atalonjeza ntchito 1 miliyoni mu 2020, kenako kwacha n'kugwetsedwa ndi 44 peresenti mu 2023, mukanakhala kuti munavala nsalu yawo, mukanatsegula pakamwa? Anangoti kukamwa yasa, n'kuyamba kupukuta chikwanje chawo.

Mgwirizano womwe mtima wanga ukufuna ndi wa ife tokha. Wodula nzimbe agwirane manja ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, namwino, ndi alovi amene amapalasa usiku wonse panyanja n'kupatsidwa kagawo kosakwana ndi ufa womwe. Alovi amenewa ndiwo amandimvetsa chisoni, chifukwa alibe kalata ya ntchito, ndipo palibe amene amawaitana ku misonkhano yathu. Tilembe zofuna zathu papepala limodzi, chipani chilichonse chobwera kudzapempha voti chizipeze patebulo.

Tikumananso Loweruka likudzali. Ndawapempha bambo aja kuti abwere ndi kapepala kawo ka malipiro, ine ndibwera ndi mlamu wanga wa kunyanja.