Za ubatizo wa makanda, mkangano suli pa madzi

Kuno ku Ntcheu nkhani ya ubatizo inabwera ndi mamishoni. Ku Nzama kunafika Akatolika mu 1901, ku Mlanda kuli CCAP, ndipo onsewa amabatiza makanda. Ku Gowa, kwa Mpingo wa Khristu, amadikira munthu avomereze ndi pakamwa pake, kenako n'kumumiza. Anthu a mtundu umodzi, okwatirana okhaokha, koma pa ubatizo n'kumasiyana.

Maganizo anga ndi akuti timataya nthawi kukangana za kumiza kapena kuthira madzi pamutu. Ngakhale buku lakale la Akhristu oyambirira lotchedwa Didache linalola kuthira madzi katatu pamutu ngati madzi ambiri palibe. Funso lenileni n'lakuti: pa ubatizo akulankhula ndani, Mulungu kapena munthu?

Obatiza makanda amati ndi Mulungu amene akulonjeza. Amawerenga Machitidwe 2:39, kuti lonjezo ndi lanu ndi ana anu, Machitidwe 16 pomwe Lidiya ndi woyang'anira ndende anabatizidwa ndi a pabanja pawo, komanso Akolose 2:11-12 pomwe ubatizo waikidwa pambali pa mdulidwe. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, wa mipingo ya Reformed, amavomereza ubatizo wa makanda pa funso 74. Enawo amati ubatizo ndi yankho la munthu amene walapa, ndipo amagwira Machitidwe 2:38 ndi Aroma 6:4. Tinene zoona abale: palibe vesi lotchula khanda likubatizidwa, palibenso loletsa. Amene akuti mnzake sawerenga Baibulo akungonama.

Ndiponso mbali zonse zimachita zinthu ziwiri zofanana, kungosintha ndondomeko. Wobatizidwa ali khanda ku CCAP sadya mgonero mpaka alowe kalasi n'kuvomereza yekha pamaso pa mpingo. Kwa Akatolika pali Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso. Omiza nawonso ambiri amapita ndi khanda kutchalitchi kukalipereka kwa Mulungu, madzi n'kubwera pambuyo.

Pamene pamapsa mitima ndi pa ukwati. Mtsikana wobatizidwa ali ndi miyezi itatu akatsata mwamuna ku mpingo womiza, amauzidwa kuti alowe m'madzi, chifukwa kumeneko ubatizo wake woyamba sauwerengera. Makolo ake amamva ngati atukwanidwa, poti kwa iwo ubatizo ndi umodzi, monga pa Aefeso 4:5. Wochoka komiza kupita kwinako nthawi zambiri sabatizidwanso, bola anabatizidwa ndi madzi m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, koma amamufunsa umboni. Khadi la ubatizo likasowa, umboni wake ndi kaundula wa mpingo kumene anabatizidwira, ndiye sungani dzina la mpingo, chaka ndi mbusa.

Ankhoswe, nkhaniyi muziyikamba pa chinkhoswe pomwe: banjali lidzapemphera kuti, ndipo ana adzabatizidwa liti? Mukaisiya, idzatulukira mwana atabadwa, agogo akuchikazi akufunsa tsiku la ubatizo pomwe akuchimuna akuti adikire akule.