Mphunzitsi wa cello si munthu amene zinamukanika

Mtima unandipsa Loweruka ndipo mpaka lero ukukana kuzizira, ndiye ndilembe pano mwina ndigona. Tinali pa kaphwando ka Amalawi kuno ku Manchester, nsima ili pamoto, ana ali yakaliyakali. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 amaphunzira cello, chija chonga vayolini yaikulu cha nsambo zinayi, chimene umaimba utakhala pampando chili pakati pa mawondo. Anthu anamupempha kuti aimbeko, anaimba, m'manja munawombedwa. Aphunzitsi ake, mayi achikulire amene ndinachita kuwaitana ndekha, anali pomwepo mbale ili m'manja. Basi bambo ena, dzina sinditchula koma akudzidziwa, anaimirira n'kumuuza mwanayo m'Chichewa, chala chikuloza mayi aja: "Ulimbikire mwanawe, udzakhale ngati Sheku uja anaimba pa ukwati wa Prince Harry. Osadzathera kuphunzitsa tiana ngati agogowa, awa zinawakanika."

Zinawakanika! Ndi pakamwa pawo pomwe. Inde mayiwo Chichewa sachimva, koma chala choloza ndi phwete wa anthu sizifuna womasulira. Ndinaona nkhope yawo itasintha. Ine ndinangokhala chete chifukwa cha ulemu wa eni nyumba, ndipo chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ndinakhala chete.

Ndiye achimwene, popeza Sheku Kanneh-Mason mumamudziwa, tandiuzeni, anamuphunzitsa ndani? Mukuganiza kuti mnyamata wa ku Nottingham anangodzuka m'mawa wina mu 2016 n'kupambana mpikisano wa BBC Young Musician? Kuti mu 2018 anangotola cello panjira n'kukaimba pa ukwati uja ku Windsor dziko lonse likuonera? Ku Royal Academy of Music mphunzitsi wake anali Hannah Roberts. Mayi yemweyo anaphunzitsanso Abel Selaocoe wa ku Sebokeng ku South Africa, amene anabwera kuno ku Manchester mu 2010 kudzaphunzira ku Royal Northern College of Music, ndipo lero akudzaza maholo. Hannah Roberts ameneyu ndi katswiri woimba payekha, wakhala mtsogoleri wa oimba cello mu gulu la Manchester Camerata mumzinda womwe uno. Zinamukanika?

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa nayenso Hannah Roberts anali ndi mphunzitsi wake, William Pleeth. Dzina limeneli ndikudziwa kuti simunalimvepo, ndipo vuto lagona pomwepo. Pleeth anabadwira ku London mu 1916. Ali ndi zaka 13 zokha anapita ku Leipzig ku Germany kukaphunzira kwa Julius Klengel, yemwe anaphunzitsanso akatswiri ngati Emanuel Feuermann ndi Gregor Piatigorsky. Mwana wa zaka 13, msinkhu umene ife tinali kuthamangitsa ziwala kudambo, iye ali m'dziko la eni akukhala m'kalasi imene munadutsa zimphona. Atabwerera kwawo anaimba m'makonsati payekha, anaimba ndi mkazi wake Margaret Good yemwe anali katswiri wa piyano, anali m'gulu la anthu anayi amene anayambitsa Allegri Quartet m'ma 1950 ndipo anakhalamo mpaka 1967. A Amadeus Quartet, gulu lotchuka dziko lonse nthawi imeneyo, akafuna cello yachiwiri ankaitana iyeyo. Munthu wotereyu siteji inali m'manja mwake. Koma kuyambira 1948 mpaka 1978, zaka 30 zathunthu, ankalowa m'kachipinda ku Guildhall School of Music kukaphunzitsa ana a eni. Anasankha yekha. Palibe anamuthamangitsa pa siteji.

Ndipo mmodzi mwa "tiana" timene ankaphunzitsato anali kamtsikana ka zaka 10, Jacqueline du Pré. Anakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1961, mtsikanayo ali ndi zaka 16, anaimba mu holo yotchuka ya Wigmore Hall ndipo London yonse inagwedezeka. Mu 1965 anajambula concerto ya cello (nyimbo yaitali imene cello imatsogolera gulu lalikulu la oimba) yopekedwa ndi Elgar, wotsogolera gululo ali John Barbirolli, chimbale chimene mpaka lero aliyense wophunzira cello amachimvera. Du Pré anakaphunzirako kwa Casals, kwa Tortelier, kwa Rostropovich, akatswiri a cello a mayina olemera okhaokha, koma amene ankamutchula kuti bambo ake a cello anali Pleeth. Ndipotu matenda a mitsempha ya ubongo otchedwa multiple sclerosis atamulanda zala mu 1973, ali ndi zaka 28 zokha, mukudziwa chimene anachita? Anayamba kuphunzitsa. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 42. Pitani mukanene kuti nayenso zinamukanika, ndione ngati lilime silikuumani.

Mfundo yanga ndi imodzi yokha ndipo ndiibwereza mpaka ilowe. Kuphunzitsa si kumene munthu amagwera akaphonya siteji. Siteji imene mukuisirirayo imachokera m'kachipinda ka mphunzitsi. Amene mukumuwombera m'manja pa TV ndi chipatso, amene mukumusekayo ndiye mtengo. Mukudya mango kwinaku mukutukwana mtengo wake, zoona?

Ine ndakhalapo pakona ya chipinda mwana wanga akuphunzira, ndiye ndikunena zimene ndaona ndi maso angawa. Cello ilibe timizere tosonyeza pogwira ngati gitala. Chala chikangotsetsereka pang'ono pokha, mawu asokonekera, ndipo khutu la mwana silidziwa kuti asokonekera mpaka wina aliphunzitse kumva. Miyezi yoyamba zimene zimatuluka m'chida chija zimakhala ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, ine mayi wake weniweni ndinkathawira kukhitchini. Mayi aja sankathawa. Anatha milungu ndi milungu pa kagwiridwe kokha ka uta, kamtengo kamene amakhuzira pa nsambo, chala chachikulu chipindike motani, chigongono chikwere mpaka pati, phewa lisaume. Akaona kuti mawu akanika amatenga cello yawo n'kuimba kamzere kamodzi, ndipo mwana amangoti kukamwa yasa. Munthu amene kamzere kamodzi kokha kamakuimitsa tsitsi, inu mukuti zinamukanika chifukwa simunamuonepo pa YouTube. M'mera mpoyamba, achimwene. Dzanja likapotoka pa zaka 8, palibe pulofesa adzaliwongole mosavuta pa zaka 20.

Chimatichititsa n'chodziwika, tinazolowera kuyeza munthu ndi kutchuka ndi galimoto imene wakwera, basi.

Koma chimene chandiwawa koposa si mayi aja ayi, iwo ndi akuluakulu, za anthu amwano anazionapo zambiri. Ndi mwana wanga. Tikubwerera m'galimoto anandifunsa kuti, "Amayi, ndiye kuti aphunzitsi anga sadziwa kuimba?" Mwaona zimene mwadzala? Mwana amene Lachitatu lililonse amathamangira kukalasi cello ili kumsana ngati kamba, tsopano akukayikira munthu amene wamuumba zala kwa zaka zitatu. Mawu a masekondi khumi, ine ndatha masiku anayi ndikuwazula. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambi umenewu munaumva muli ana, mwauiwalira pa bwalo la ndege?

Ndipo si inu nokha, ndisakunamizireni. Tilipo ambiri amene mphunzitsi wa nyimbo timamuona ngati munthu wongocheza ndi ana. Mphunzitsi wa masamu akatchula mtengo wake timalipira tsiku lomwelo osatsutsa. Wa nyimbo akatchula wake timayamba kunenerera ngati tikugula tomato pamsika. Kalasi ili 5 koloko, ife uthenga tikutumiza 4:40 kuti mwana sabwera tapita kokagula zinthu, ndiye tikudabwa akatiuza kuti ola limenelo tilipirabe. Mukuganiza kuti lendi amalipira ndi "pepani"? Nsambo za cello zimatha, uta umafuna kuikidwa ubweya watsopano, chidacho chimafuna inshuwalansi, zonsezo zimachokera m'thumba mwawo. Kwathunso n'chimodzimodzi. Wophunzitsa kwaya amatha miyezi itatu madzulo aliwonse akuphunzitsa nyimbo za ukwati wa mwana wanu, tsiku la ukwati a DJ mwawalipira kale sabata yatha, a makeke mwawalipira, wojambula mwamulipira, iye mwamupatsa Fanta ndi mpunga wotsala.