Maola a mwanayu akuwerenga ndani?

Abale anga a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi kwina konse, ndinenepo za mpira wa ana athuwa.

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 14. Teremu yachiwiri ikafika, Lolemba mpaka Lachinayi amakhala ku treningi ya timu yakusukulu. Masiku atatu akachoka uko amathamangira ku akademe. Loweruka gemu. Lamulungu tikangotuluka m'tchalitchi, uyo ali kuseri ndi anzake mpaka mdima. Tsiku lina ndinakhala pansi n'kuwonkhetsa, ndinapeza maola 18 pa sabata, pa mabwalo athu aja omwe chilimwe chikafika amauma gwa ngati konkire.

Mu June anayamba kutsimphina. Woyamba kumuuza kuti "limba, ndiwe mwamuna" ndinali ine malume wake, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi. Kuchipatala anati ndi Osgood-Schlatter. Pamsinkhu umenewu mafupa amatalika mofulumira, minyewa ya ntchafu imakhala yokungika, ndiye mtsempha wa pansi pa bondo umakoka pamalo pamene fupa lisanakhwime. Kudumpha ndi kuthamanga kukachuluka pamatuluka kachotupa kowawa. Ana ocheperapo zoterezi zimawagwira kuchidendene, madokotala amati Sever.

Makochi onse awiri ndi anthu abwino, sindikuwanena. Koma wakusukulu amaona maola ake okha, wa ku akademe amaonanso ake, ndipo aliyense amati mwanayu sakumutopetsa. Wowonkhetsa palibe. Madokotala a zamasewero amalangiza kuti maola a treningi ndi magemu pa sabata asapose zaka za mwanayo, komanso azipuma tsiku limodzi kapena awiri. Kholo ndi lokhalo limene limadziwa ndandanda yonse, koma ifeyo mitima ili ku Dynamos ndi CAPS United, matimu akuluakulu a ku Harare, tikuona kale mwana akulowa m'bwalo la Rufaro.

China chimene chimandiwawa ndi katenthetsedwe ka thupi. Kuzungulira bwalo kasanu, basi, mpira uyambe. Tsiku lina mudzaime pambali muone mmene mwana wanu amaterera akadumpha. Ambiri mawondo amagwera mkati ngati akufuna kugundana, ena amatera mwendo uli chiwongokere. Kutera kotere ndi kumene kumadula mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL, ndipo atsikana, kuphatikizapo a ntchemberembaye, amavulala chonchi kawirikawiri kuposa anyamata. Opareshoni yake ndi ndalama zoti ambiri a ife sitingazikwanitse, ndipo kubwerera m'bwalo kumatenga miyezi yambiri.

Chonsecho njira ilipo, yaulere. FIFA 11+, ndondomeko yotenthetsera thupi, inakonzedwa mu 2006, imatenga mphindi 20, ndipo imaphunzitsa kuima ndi mwendo umodzi, kutera bwino, kukhota ndi kulimbitsa chiuno ndi ntchafu. Ataiyesa ku Norway pa atsikana a zaka 13 mpaka 17, zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mavidiyo ake ali mbwee pa YouTube. Data yoonera magoli a Premier League timaipeza, ya izi ndiye ayi?

Mwana wa mchemwali wanga uja tamuletsa mpira wa Lamulungu ndipo ku akademe akupita kawiri kokha. Wakwiya, akuti, "Malume, mukundiphera tsogolo." Ndalembera makochi onse awiri pa WhatsApp kuti tigwirizane masiku. Mmodzi wayankha, winayo wangowerenga.