Mwatitha si dzina lothokoza ayi

A mtolankhani, pamene mwati Mwatitha ndi dzina lothokoza Mulungu, pamenepo mwaphonya. Agogo anga aakazi dzina lawo linali lomwelo. Asanabadwe, amayi awo anali ataika kale ana atatu kumanda, onse asanayambe n'kuyenda komwe. Atabadwa iwowo, akuluakulu anati "mwatitha", kulankhula ndi anthu omwe ankawaganizira kuti akudya ana pamudzipo. Kale dzina linali njira yonenera mawu amene sungauze munthu pamaso. Mwana akamaitanidwa kuti abwere kudzadya nsima, woganiziridwayo amamva yekha kuseri kwa mpanda.

Agogowo tinkakhala nawo ku Ndirande, koma dzinali sankalifuna n'komwe. Kutchalitchi ankadziwika ndi dzina laubatizo, pakhomo tinkangoti a Nachisale, potsata chiwongo chawo. Ine ndinalidziwa nditakula kale, nditaliona pa kadi yawo yakuchipatala.

Mchemwali wanga atabereka mwana wamkazi ku Chilomoni anafuna kumutcha dzinali pokumbukira agogo. Azakhali anakana kwamtuwagalu, akuti tisaitane maliro. Mwanayo pano ndi Tadala.

Inu a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, kwanuko alipobe a Mwatitha achichepere?