Ziegenbalg ndi zilembo zomwe zinkatha mapepala

Tikamakamba za amishonale akale timathamangira kunena za ulaliki ndi ubatizo. Ine ndimaona kuti ntchito yolemetsa inali chilankhulo, zilembo ndi pepala, ndipo Bartholomäus Ziegenbalg ndiye umboni wake.

Mjeremani ameneyu anafika ku Tranquebar, kugombe la kumwera kwa India, pa 9 July 1706 pamodzi ndi Heinrich Plütschau, atatumidwa ndi mfumu Frederick IV ya ku Denmark. Chitamilu, chilankhulo cha anthu a kumeneko, anachiphunzira atakhala pansi ndi ana a sukulu, akulemba zilembo pamchenga ndi chala monga ankachitira anawo. Mabuku a anthu a kumeneko ankalembedwa pamasamba a kanjedza ndi kachitsulo kosongoka, ndipo iye ankawasonkhanitsa n'kumawawerenga. Pofika 1711 anali atamaliza kumasulira Chipangano Chatsopano, ngakhale kuti pakati apo mkulu wa boma wa ku Tranquebar, Hassius, anam'tsekera m'ndende miyezi inayi, kuyambira chakumapeto kwa 1708.

Kumasulira kunatha, koma buku lolembedwa pamanja lingafikire anthu angati? Makina osindikizira anachokera ku London mu 1712, ndipo zilembo za Chitamilu zinasulidwa ku Halle, mzinda wa ku Germany komwe kunali akuluakulu a mishoniyi, n'kufika mu 1713. Vuto linali kukula kwake. Zinali zikuluzikulu, tsamba limodzi linkangolowa mawu ochepa, pomwe pepala linkabwera pasitima kuchokera ku Ulaya ndipo linali losowa. Mauthenga Abwino anayi ndi Machitidwe a Atumwi atatuluka mu 1714, zinaonekeratu kuti mapepala sakwanira. Wosindikiza wawo, Johann Gottlieb Adler, anasungunula mtovu n'kuumba zilembo zing'onozing'ono pomwepo, ndipo gawo lotsalalo linatuluka mu 1715. Anayesanso kupanga okha pepala ku Porayar, pafupi ndi Tranquebar.

Chimene chimandipweteka mtima ndi buku lake lina. Mu 1713 analemba mwatsatanetsatane za milungu ya Atamilu, mothandizidwa ndi makalata omwe Atamilu eniake ankamulembera poyankha mafunso ake. Francke, mkulu woyang'anira amishonalewa ku Halle, anakana kulisindikiza chifukwa ankaona kuti mmishonale sanatumidwe kukafalitsa zachikunja ku Ulaya. Pamenepa Francke analakwitsa. Ungasankhe bwanji liwu loti Mulungu, tchimo kapena chisomo m'chilankhulo cha eni ake usakudziwa zimene iwo amamva liwulo likatchulidwa? Kumasulira kwa Ziegenbalg kunadalira kumvetsera komweko kumene kwawo ankakuona ngati kutaya nthawi. Bukulo linadzasindikizidwa m'dzina lake mu 1867, patatha zaka zoposa 150.

Anamwalira pa 23 February 1719 ali ndi zaka 36 zokha, Chipangano Chakale atafika nacho pa buku la Rute. Mmishonale wina, Benjamin Schultze, ndiye anadzapitiriza kuyambira pomwepo.