Malo a makolo ndi ana pa shopu si a munthu wothamangira buledi

Loweruka masana pa shopu ina yaikulu kuno ku UK, bambo wina wafika pa van ya mipando iwiri, n'kuimika pamalo a makolo ndi ana ojambulidwa pram (kangolo kokankhira khanda), n'kutsika ali yekhayekha, foni kukhutu. Mizere isanu kuchoka pamenepo mayi wina akulimbana ndi chitseko chakumbuyo chomwe chikungotseguka pang'ono, khanda likulira m'kati, wina wa zaka ngati zitatu waima kuseri kwa galimoto. Zandipsetsa mtima, ndipo poti ena mwa ochita zimenezi ndi ife tomwe, abale anga, ndinena.

Malo amenewa anawakuza dala m'lifupi kuti chitseko chitseguke chonse. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi mphatso yoti makolo asayende mtunda wautali. Ayi ndithu. Nkhani yake ndi chitseko.

Tengani tepi muyeze. Malo wamba oimikapo galimoto kuno amakhala mamita 2.4 m'lifupi ndi mamita 4.8 m'litali. Galimoto ya banja ngati Nissan Qashqai ndi pafupifupi mamita 1.8, osawerengera magalasi a m'mbali. Patsala masentimita 60, ndiye kuti 30 mbali iyi, 30 mbali inayo. Mnzanu wa pambali akaimika pakati penipeni, mpata wa pakati pa galimoto ziwirizo ndi masentimita 60. Akapendekera kwa inu, watsala 40 kapena kucheperapo. Magalimoto anakula koma muyeso wa mizere ndi wakalekale, basi.

Tsopano mpando wa khanda, uja wokhala ndi chogwirira, m'lifupi mwake ndi masentimita opitirira 40. Chitseko nachonso chili ndi kunenepa kwake komwe kumadya mpata. Mpandowo wokha umalemera makilogalamu 4 kapena 5, muikemo mwana wa miyezi 9 mwafika pa 13. Katundu ameneyo muyenera kumumasula pa Isofix (zitsulo zokolera mpando wa mwana m'galimoto), kumukweza m'mwamba, kumutembenuza, n'kumutulutsa ali chowongoka. Pa mpata wa masentimita 40 sizitheka. Kholo limayamba kupendeketsa mpando mwana ali momwemo, kapena kumenyetsa chitseko pa galimoto ya eni ake, kapena kupinda msana mokhota mpaka kudzipweteka. Mayi amene wachitidwa opaleshoni pobereka masabata angapo apitawo, mukuti apinde bwanji?

Wamkulupo naye ali ndi zake. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amamangidwa ndi malamba okumana pa chomangira chimodzi pakati pa miyendo. Kuti mumange bwino muyenera kulowetsa mutu ndi mapewa m'galimoto, kuwongola malamba kuti asapotoke, kukoka mpaka atathina moti simungathe kutsina lamba ndi zala paphewa pake. Nyengo yozizira muyambe mwamuvula jekete yokhuthala ija, chifukwa imanamiza kuti lamba wathina pomwe pali mpata. Zonsezi zimafuna chitseko chotseguka mpaka kumapeto. Chikatseguka theka, kholo limamanga mwachidule ndi dzanja limodzi, lamba n'kukhala wolendewera, ndipo tsiku la ngozi mwana amatha kuponyedwa kunja kwa mpando.

Ndiye musandiuze kuti "ndingotenga mkaka, mphindi ziwiri zokha". Mphindi ziwiri zanuzo n'zimene kholo lafika, lapeza podzaza, lapita kukapanikizika kumapeto uko. Kumeneko akapeza kuti chitseko sichitseguka, ena amasiya pram panjira ya magalimoto kuti abweze galimoto pang'ono apeze mpata. Mwana wa zaka zitatu ndi wamfupi, sakwana n'komwe mita imodzi, woyendetsa amene akubwerera m'mbuyo samuona pagalasi lakumbuyo. N'chifukwa chake malo a makolo amawaika pafupi ndi kanjira ka oyenda pansi, kuti kamwanako kasadutse kuseri kwa magalimoto makumi awiri. Kwa ine, awasunthire kutali ndi khomo ngati akufuna, bola akhale otakasuka ndipo kanjirako kafike. Mwina pamenepo aulesi angawasiye.

Kwathu mwana timangomuponya kumbuyo ndi chitenje, manja onse awiri n'kukhala omasuka, ndiye ena akabwera kuno amaona ngati zonsezi n'zachibwana cha azungu. Kuno lamulo likuti mwana akhale pampando wake mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135, chimene chayamba kufika. Pa mipando ya i-Size (yosankhidwa potengera kutalika kwa mwana) khanda liyang'ane kumbuyo mpaka miyezi 15. Mukapezeka mwana sanamangidwe moyenera, chindapusa chimatha kufika £500. Kholo silinasankhe chimpando chimenecho pofuna kudzionetsa.

Amene amati "si lamulo la boma" akunena zoona, ndipo n'zimene zimandinyansa kwambiri. Malo a shopu ndi a eni ake, apolisi sabwera. Chimene chimagwira ntchito ndi chikwangwani cha pamalopo: mukaimika ndiye kuti mwavomera zolembedwazo, ndipo kampani yoyang'anira malowo ikhoza kukutumizirani kalata yolipiritsa mpaka £100, yomwe nthawi zambiri imatsika kufika £60 mukalipira m'masiku 14. Koma kamera ya pageti imangowerenga nambala ya galimoto ndi nthawi, siona ngati muli mwana m'kati. Ndiye munthu wamkulu ndi ndevu zake akufuna mpaka wapolisi kuti asiyire khanda malo? Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nanunso makolo, musadzione ngati oyera. Kukhala ndi mpando wa mwana m'galimoto mwanayo ali kusukulu sikukupatsani malo amenewa. Mnyamata wa zaka 11 amene amatsegula yekha chitseko n'kudumpha, ngakhale chikwangwani chitalola, safuna mpata umenewo. Ndipo ngati bambo atsala m'galimoto ndi ana, mayi okha n'kulowa m'shopu, palibe chitseko chakumbuyo chomwe chitsegulidwe, kaimikeni kwina. Muwerengenso chikwangwani, chifukwa zaka zimasiyana shopu ndi shopu.

Za ma trolley ndiye musanene. Mizere yopingasa ija pambali pa malowa ndi mpata wa chitseko ndi pram, koma anthu asandutsa potayira trolley. Munthu wakankha katundu wodzaza shopu yonse kwa ola lathunthu, koma mamita khumi okabweza trolley yopanda kanthu amukanika. Mphepo ikawomba trolley ija imayenda yokha mpaka kukagunda chitseko chomwe mayi watsegula kuti atulutse mwana.